Miyezi 15 ndi Kamba, forklift yopanda dalaivala mu shedi yathu ya mpunga ku Salima

Mu Sepitembala 2023, makinawa atangotha mwezi umodzi ali kwathu, ndidalemba mawu owayamikira. Ndidati ndi odekha, sagunda zipilala, sapempha tchuthi cha maliro, ndipo ndidalangiza aliyense amene ali ndi shedi yaikulu kuti aganizirepo. Anzanga awiri, wina wa ku Kanengo wina wa ku Dwangwa, akhala akundifunsa ngati mawu aja ndikadali nawo. Pano makinawa aona dzinja lathunthu, nyengo yogula mpunga, mwera, ndi kutentha kwa Okutobala kawiri konse. Ndikhoza kuyankha mtima uli m'malo.

Ine ndine kapitawo wa shedi pa chigayo china cha mpunga kuno ku Salima, chakunjira yopita ku Senga Bay. Timagula mpunga wosapuntha kwa alimi, ambiri a ku Lifuwu ndi madambo ozungulira, timapuntha, n'kulongedza m'matumba a 50 kg ndi timapaketi ting'onoting'ono topita m'mashopu a ku Lilongwe. Makina amene ndikunenawa ogulitsa amawatcha AGV. Ndi forklift yaing'ono yamagetsi, yonyamula mpaka matani 1.5, ndipo ntchito yake kwathu ndi imodzi basi: kutenga paleti (thandala la matabwa losanjapo matumba) pamene olongedza amalizira, kuyenda nayo mamita pafupifupi 70, n'kukaiika pamalo pake. Anyamata adaitcha Kamba tsiku loyamba lomwe, chifukwa cha kayendedwe kake, ndipo dzinalo lidakhazikika mpaka m'mabuku athu a ntchito.

Kamba alibe maso ngati athu. Pamwamba pake pali kamutu kozungulira kotulutsa kuwala kwa laser, ndipo pazipilala ndi pamakoma tidamata zonyezimira zonga zija za kumbuyo kwa malole. Kuwalako kukagunda zonyezimira n'kubwerera, kompyuta yake imawerengera pamene ali. Amafunika aone zosachepera zitatu nthawi imodzi. Nzeru yoyendetsa ngolo popanda munthu si yatsopano ayi, kampani ya Barrett Electronics ku America idapanga yotsata waya m'zaka za m'ma 1950. Koma abwana athu adakopeka ndi mavidiyo a m'mashedi a Amazon, amene adagula kampani ya Kiva Systems mu 2012 pa madola 775 miliyoni. M'mavidiyomo pansi pake m'posalala ngati mbale. Pamenepo mpamene tikadayambira kufunsa mafunso.

Shedi yathu ndi yakale. Simenti yake ili ndi ming'alu, ndi mizere imene amisiri adalumikizira pothira konkire. Forklift yathu ya dizilo, yamatayala aakulu a mphira, imangodutsapo osamva kanthu. Matayala a Kamba ndi aang'ono, olimba ngati pulasitiki, ndipo mchenga wa kuno umene timalowa nawo kumapazi, ukasakanikirana ndi mpunga wosweka, umawadya ngati tupa. Pofika mwezi wake wa 7 ali kwathu, tayala loyendetsa lidali litaperepeseka. Ine ndinkaganiza kuti kutha kwa tayala ndi nkhani ya tayala lokha, osadziwa kuti makinawa amawerengeranso mtunda pa kuzungulira kwa tayalalo. Likachepa, masamu ake amasokonekera pang'ono, mafoloko, zitsulo ziwiri zonyamulira, n'kumafika chammbali pa paleti ndi masentimita awiri kapena atatu. Kwa munthu zimenezo si kanthu. Kamba amaima, n'kuyatsa nyali yofiira, n'kumadikira munthu. Tidatseka ming'alu yonse m'njira yake, ndipo tsopano njirayo imasesedwa kawiri pa tsiku. M'zaka zonse zimene ndagwira pano sindidaonepo shedi yathu itayera chonchi, ndipo si ine amene ndidakwanitsa kuwauza anthu, ndi nyali yofiira ija.

Nkhani ya mapaleti idandipweteka mutu kuposa zonse. Athu adakhomedwa ndi akalipentala osiyanasiyana, ena a paini ena a bulugamu, aliyense ndi muyeso wa m'mutu mwake. Kamba adakonzedwera paleti ya mamilimita 1200 ndi 1000, yotseguka kunsi kuti miyendo ya Kambayo ilowe. Titayeza onse, opitirira pang'ono theka ndiwo adalandiridwa. Ena adali opindika, ena thabwa lidathothoka, ena msomali uli panja. Tidapangitsa chikombole chachitsulo n'kukachisiya kwa kalipentala mmodzi pa Kamuzu Road, kuti paleti iliyonse yatsopano izilowa m'menemo isanalipidwe. Bamboyo poyamba adakhumudwa, amati tikunyoza ntchito yake. Lero ndiye amatikumbutsa tikabweretsa matabwa aawisi, kuti akauma apindika.

Ndi matumba omwe. Paleti imodzi timasanja matumba 20 a 50 kg, ndiye tani imodzi. Thumba likatulukira m'mbali, limakola pa shelefu kapena pa paleti inzake. Dalaivala amaona n'kupendeketsa pang'ono. Makinawa sadziwa kupendeketsa.

Za chitetezo ndilankhule mwachilungamo, chifukwa ndi zimene akazi a anyamata athu ankadandaula nazo kumudzi atamva kuti kwabwera galimoto yoyenda yokha. Pa miyezi 15 Kamba sadakhudzepo munthu. Kutsogolo kwake, pamsinkhu wa akakolo, kuli sensa ina ya laser imene imayang'ana njira. Munthu akayandikira amachepetsa liwiro, akayandikira kwambiri amaimiratu. Malamulo a makina otere ali mu muyezo wapadziko lonse wotchedwa ISO 3691-4, ndipo pa mfundo iyi ogulitsa sadaname. Chimene sadatsindike n'chakuti sensayo imaona pamsinkhu umodzi wokha, ngati mpeni wodula mpweya chopingasa. Chilichonse cholendewera pamwamba pa msinkhuwo sachiona. Mu Malichi, madala amene amayendetsa forklift ya dizilo adaiimika pakona n'kupita kukamwa madzi, mafoloko ali m'mwamba cha m'chiuno, atalowerera m'njira. Kamba adadutsa kunsi kwake ndi maso, n'kugunda ndi chifuwa. Chivindikiro chidasweka, matumba atatu adang'ambika, mpunga mbwee pansi ponse. Kulakwa kudali kwathu. Madalawo adangovula chipewa n'kunena kuti, "A kapitawo, kamba amanyera amene wam'tola. Tidam'tola tokha uyu." Kuchokera tsikulo, woimika forklift mafoloko ali m'mwamba amalembedwa m'buku, kaya ndi ndani.

Fumbi la mpunga ndi mdani wina. Limamatirira pagalasi la sensa, makaka masiku a mwera mu Juni ndi Julayi pamene mphepo imalowa pachitseko chakummwera n'kuulutsa mankhusu. Galasi likada makina amaima. Mankhwala ake ndi kansalu kofewa m'mawa uliwonse ndi masana. Mnyamata wina wachangu adapukuta ndi chiguduli cha thumba, galasi lidakalika, ndipo tidadikira latsopano masabata 6. Si kuti kulibe, koma kupeza ndalama zakunja zolipirira kudavuta, ndipo kuyambira pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachitsulo kalikonse kochokera kunja kamakuwawa ukaona invoisi. Katswiri wa makinawa ali kunja kwa dziko, timalankhula naye pa WhatsApp, ine ndikuloza foni pamene akufuna kuona. Ndi munthu wothandiza, koma netiweki ikakana, nayenso wakana.

Chimene palibe buku lidatichenjeza ndi ngumbi. Mvula yoyamba itagwa mu Disembala, tikugwira ntchito usiku, ngumbi zidadzaza pa nyali za mu shedi, zina zikuuluka chapansipansi, mapiko ali ponseponse. Kamba amayenda mita imodzi n'kuima, kuyenda n'kuima, akuona ngati pali chinthu kutsogolo. Tidam'zimitsa. Anyamata adatenga mabeseni, ndipo usiku umenewo phindu la kampani lidali ndiwo za m'mawa mwake. Nditam'fotokozera katswiri uja adaseka mpaka kutsokomola, kenako adandiuza kuti akhoza kusintha pang'ono kuti sensa isamadzidzimuke ndi tizinthu ting'onoting'ono, koma osapitirira malire, poti ikagontha kwambiri idzachedwanso kuona mwendo wa munthu. Ndidam'uza asiye momwemo.

Koma chigamulo changa chenicheni chidapangika mu nyengo yogula. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mpunga umabwera ngati madzi osefukira, pa malole, pa ngolo, pa njinga. Abwana sangabweze mlimi pageti chifukwa shedi yadzaza, amagula basi, ndipo matumba amaunjikidwa paliponse pali mpata, milu yofika kudenga. Milu ija idaphimba zonyezimira. Kamba amafika pakati pa shedi, n'kuona ziwiri m'malo mwa zitatu, n'kusokera pomwepo ngati mlendo pamsika. Tidayesa kusuntha zonyezimira, koma chilichonse chikasunthidwa mapu a mu kompyuta ayenera kukonzedwanso, ndipo milu imasintha tsiku ndi tsiku. Kwa masabata 5, nthawi imene ntchito idali yochuluka kuposa ina iliyonse pa chaka, Kamba adali pakona atafundidwa lona. Amene adatinyamula ndi madala aja ndi forklift yawo ya dizilo, ndi mapewa a anyamata aganyu. Chaka chamawa tagwirizana kusiya njira yake yotseguka zivute zitani, koma zimenezo zikutanthauza kutaya malo okwana mapaleti pafupifupi 40 pa nthawi imene malo ndi golide. Ndikudikira ndione ngati abwana adzapirire akadzaona malole ali pamzere panja.

Magetsi sindichedwapo, tonse tikudziwa. Batire ya Kamba ndi ya lithium, imatha maola 7 kapena 8, ndipo akapeza mpata amapita yekha kukadzitchaja. Sindidaone kuti yafooka, ngakhale kutentha kwa Okutobala kuno pansi pa malata kumachititsa chaja kudzichepetsera mphamvu masana. Vuto lidali lakuti magetsi akazima, Wi-Fi ndi kompyuta yom'patsa ntchito zimazima, iye n'kutsala ndi batire yodzaza koma wopanda womutuma. Tidagula inveta ndi mabatire a zinthu ziwirizo, nkhani idatha. Zikadayenera kukhala pa mtengo woyamba.

Pali pamene adatiwombola. Mafuta atasowa mu Okutobala 2024, galimoto zikugona pamizere m'mafilingi siteshoni, forklift ya dizilo idakhala masiku angapo thanki ili gwa. Kamba adagwira ntchito yake ngati palibe chachitika. Matumba ong'ambika ndi mafoloko achepanso kwambiri m'njira yake, ndipo kuwerengera katundu kumapeto kwa mwezi kwapepuka, poti paleti iliyonse imene wanyamula imalembedwa yokha, nthawi ndi malo ake.

Anthu ambiri amafunsa za ntchito za anthu, ena mokalipa. Anyamata anayi amene ankakoka mapaleti ndi jeki yamanja m'njira imeneyo sakuchitanso zimenezo. Awiri adapita kolongedza, mmodzi ndiye wosamalira Kamba, kupukuta, kusesa ndi kumudzutsa akaima, ndipo waphunzira zambiri moti ma code a zolakwika amawadziwa pamtima kuposa ine. Wachinayi kontrakiti yake itatha sadaitanidwenso. Sindibisa, ndipo ndimakumana naye kumsika. Aganyu okweza malole sadakhudzidwe konse, chifukwa malole a kuno amabwera opanda mapaleti, tilibe pokwezera pofanana ndi msinkhu wa lole, ndipo panja ndi pa miyala ndi dothi pamene Kamba sangaponde. Thumba lililonse lotuluka pageti limadutsabe paphewa la munthu. Madala aja, amene ankaopa kuti achotsedwa, ndiwo afunika koposa kale, chifukwa chilichonse chimene makina akana chimagwera iwo.

Nanga ndalama zabwerera? Ayi, ndipo sindikuona zikubwerera msanga. Masamu amene ogulitsa adationetsa adawerengera shedi yogwira usana ndi usiku chaka chonse, ndi malipiro a madalaivala a kumayiko kumene munthu ndi wodula kuposa makina. Ife timagwira shifiti imodzi ndi theka, ndipo zodula kwathu ndi zitsulo zochokera kunja.

Kwa mnzanga wa ku Kanengo, amene shedi yake ndi yatsopano, katundu wake ndi makatoni ofanana ndipo amagwira usiku wonse, ndamuuza kuti ayese, koma alembetse m'pangano tayala lapadera, galasi la sensa lapadera ndi munthu wake mmodzi wophunzitsidwa mokwanira. Kwa wa ku Dwangwa, amene shedi yake ikufanana ndi yathu, ndamuuza ayambe ndi simenti, chikombole cha mapaleti ndi mizere yachikasu pansi, agule jeki yamagetsi yoyenda ndi munthu, aone chaka chimodzi. Ndikukhulupirira kuti theka la zabwino zimene taona kuno adzazipeza ndi zimenezo zokha.

Kwathu Kamba akhalabe. Tayala lachiwiri tidaitanitsa mu Sepitembala 2024 ndipo akuti lili panjira. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku mapiri a Dedza, choncho sabata ino tikusamutsa nyali ziwiri za pakhomo kuti zikhale panja, kutali ndi njira yake. Anyamata avomereza msanga, akuti ngumbi zimatoleka bwino pabwalo.