G League kapena ku Ulaya: wotsala pa draft alowere kuti?

Pa draft ya NBA, pamene matimu a ligi yaikulu ya basketball ya ku America amatenga osewera atsopano chaka chilichonse, amasankha osewera pafupifupi 60 okha. Otsalawo ambiri amalowera ku G League (ligi yaing'ono ya pansi pa NBA) kapena ku Ulaya.

Ku G League malipiro ndi ochepa, koma makochi a NBA amakuonera pafupi. Fred VanVleet sanasankhidwe mu 2016. Anasewerako ku Raptors 905, timu ya Toronto ya mu G League, ndipo mu 2019 ananyamula chikho cha NBA ndi Toronto.

Ku Ulaya ndalama n'zabwinoko, matimu ambiri amapereka ndi nyumba yomwe, koma ku America amakuiwala msanga. Brad Wanamaker, amene anatsala mu 2011, anazungulira Italy, France, Germany ndi Turkey, n'kudzalowa timu ya NBA ya Boston Celtics mu 2018, akukwanitsa zaka 29. Anadikira nthawi yaitali zedi.

Mnyamata wopanda banja ayese G League. Koma amene akudyetsa abale kwawo, ine ndingamulangize apite ku Ulaya.