Kashopu ka ku Malangalanga komwe sanandifomatire laputopu

Ndimakhala ku Area 25, ndipo ndimadyera kupanga makadi a ukwati ndi a zinkhoswe. Laputopu yanga ndi yakale, malo ake ndi 128 GB basi. Mwezi wathawu kamzere ka drive C kanafiira psuu, mpaka kusunga khadi limodzi kunkakanika. Chinandizunguza mutu n'chakuti ndinali nditachotsa kale mapulogalamu atatu, ina mwa iyo yokonzera mavidiyo, koma malo osabwerera.

Anyamata awiri omwe ndinayamba kuwafunsa anangoti, "Amayi, tiyifomate basi." Ndinakana. Muli ntchito za makasitomala za zaka zinayi, komanso mafonti amene ndinatola limodzilimodzi.

Mnzanga wa kumpingo ndiye anandilondolera kashopu kena kufupi ndi msewu wa Malangalanga ku Old Town. Kachipinda kake n'kopanikiza, mpando wa kasitomala ndi umodzi, ndipo ndinadikira kupitirira ola chifukwa achimwene a m'kashopumo amakonzanso mafoni. Kudikirako kunanditopetsa ndithu, sindibisa.

Nthawi yanga itakwana, anatembenuza laputopu kuti ndiziona zonse. Anadina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba %appdata%. Kunatseguka foda ya Roaming, ndipo atabwerera m'mbuyo kamodzi tinaona zitatu: Local, LocalLow ndi Roaming, zonse mkati mwa AppData. Zaka zonsezi sindinaionepo, poti Windows imaibisa dala. Anandifotokozera kuti mapulogalamu ambiri ukawachotsa amasiya zinthu zawo mmenemo, kuti ukadzawaikanso adzakupeze monga anakusiyira. Mu Local, pulogalamu ya mavidiyo ija inasiya foda ya 19 GB. Zina zochepa tinazipeza mu ProgramData, yomwenso ndi yobisika.

Chimene ndawalembera izi ndi mafunso awo. Foda iliyonse ankayamba andifunsa, "Amayi, dzina ili mukulidziwa?" Ndikati ayi, ankaitsegula kaye n'kuona zamkati. Ine mtima unali utathamanga, ndinafuna tingosesa zonse za mu Local. Iwo anandiletsa, n'kunditsegulira Microsoft, kenako Windows, kenako Fonts. Mafonti anga ambiri anali mmenemo! Ndikanasesa ndekha kunyumba, makadi anga onse akanasintha zilembo.

Panali pulogalamu yachinayi yomwe sindinkaigwiritsanso ntchito. Imeneyo anaichotsa ndi Revo Uninstaller yaulere, pulogalamu yochotsera mapulogalamu ena, kuti ndione kusiyana kwake. Imayamba yasunga restore point, pobwerera zinthu zikalakwika, kenako ikachotsa pulogalamuyo imafufuza zotsalira m'mafoda ndi mu registry, kaundula amene Windows imasungamo masetingi, n'kukuonetsa mndandanda. Pa kafufuzidweko anasankha Moderate, mlingo wapakati, ndipo anandichenjeza kuti za mu registry ndisamazikhudze pandekha. Pomaliza anayeretsa %temp%, foda ya mafayilo osakhalitsa; mafayilo ochepa omwe anakana kuchoka anangowadumpha.

Zonse pamodzi ndinapeza malo okwana 26 GB, ndipo palibe khadi lomwe linatayika. Mtengo sunandipweteke, ngakhale risiti sanandipatse mpaka nditaipempha. Ngati mukupitako, pitani m'mawa mafoni asanawunjikane, ndipo tengani chaja yanu chifukwa alibe zamitundu yonse.

Ndinakwera minibasi ku depoti cha m'ma 3 koloko, ndipo madzulo omwewo ndinamaliza khadi la chinkhoswe cha ku Area 49 lomwe linakhala masiku anayi likundidikira.