Majombo a Altberg Defender: ndinawayesa m'matope a ku Catterick

Ngati mukufuna majombo oyendera mtunda wautali katundu ali kumsana, Altberg Defender ndi ogula ndithu. Ndikunena izi nditathamanga nawo mpikisano wa Paras' 10 ku Catterick, kumpoto kwa England, komanso nditakwera nawo mapiri a Yorkshire Dales nthawi yamvula ndi yachisanu.

Paras' 10 ndi mpikisano umene anthu wamba timalawako pang'ono zimene amakumana nazo anyamata ofuna kulowa Parachute Regiment, gulu la asilikali a Britain otsika m'ndege ndi parachuti, limene linayamba mu 1942. Mtunda wake ndi makilomita 16, chikwama cholemera makilogalamu pafupifupi 16 chili kumsana, majombo kuphazi. Kwa asilikali eniake, amene amayesedwa ndi P Company, gulu loyesa ofuna kulowa usilikaliwu, komweko ku Catterick, nthawi ndi ola limodzi ndi mphindi 50, mfuti ili m'manja. Ndipo awo ndi mayeso amodzi chabe. Amathamanganso ndi chipika, amanyamula machira olemera, amayenda pazitsulo zam'mwamba, kenako amaswana nkhonya kwa mphindi imodzi popanda kuzinda. Wopirira zonsezi ndiye amapatsidwa chisoti chofiira moderako chija paperete. Ine ndimachilemekeza chisoticho, ndipo ndikaona munthu wachigula m'sitolo n'kumavala pamene sanachikhetsere thukuta, mtima umandiwawa. Majombo ndiye alibe mwini, aliyense atha kugula.

Altberg ndi kampani ya ku Richmond, North Yorkshire, pafupi kwambiri ndi Catterick, ndipo inayamba mu 1989. Asilikali a Britain atayamba kusiya majombo akuda n'kutenga abulawuni kuyambira mu 2012, Defender inakhala imodzi mwa mitundu imene boma limawapatsa. Ndi yachikopa chokhuthala kuyambira kuchala mpaka pamwamba pa kakolo, pansi pake ndi pa labala wa kampani ya Vibram. Poinyamula m'manja mungaganize kuti ikulemerani, koma mukaivala si choncho ayi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi mmene imagwirira kakolo potsika chitunda. Pokwera aliyense amalimba, vuto limabwera potsetsereka, chikwama chikukukankhani kumbuyo, miyendo yatopa kale, pansi pali miyala yoterera ndi matope. Pamenepo ndi pamene anthu amabinya phazi. Ine ndinaponda mwala wogwedera, phazi linapendekeka, koma chikopa chinaligwira n'kulibweza, ndinangopitiriza ulendo. Chidendene sichisewera m'kati, choncho zala sizikagunda kutsogolo. Mnzanga amene anavala majombo otchipa ooneka ngati achisilikali anafika kumapeto zikhadabo ziwiri zitada bii.

Pankhani ya madzi ndilankhule mosabisa, chifukwa ambiri amagula asakudziwa. Defender ilibe nsalu yotchinga madzi ya Gore-Tex m'kati mwake. Anaipanga choncho dala. Mame, mvula ndi matope osaya, chikopa chimakana bwinobwino malinga ngati mwachipaka mafuta. Koma mukalowa m'madzi ofika m'mawondo, monga zimakhalira panjira ya ku Catterick ija, madzi amalowera pamwamba, ndipo palibe jombo imene ingaletse zimenezo. Ubwino wake ndi woti jombo yopanda nsalu ija imauma msanga, phazi limapumanso. Ya Gore-Tex ikamwa madzi imawasunga ngati ndowa. Kwa munthu wongoima malo amodzi usiku wonse m'chisanu, monga abale athu ogwira ntchito yaulonda, ya Gore-Tex ndi yofundirako. Defender ndi ya munthu woyenda.

Kusamala kwake sikovuta koma kumafuna khama. Mukabwerako tsukani matope ndi madzi ozizira, chotsani kansalu kopondapo ka m'kati, ikanimo nyuzipepala, muisiye iume yokha. Musaiyandikize kuhita kapena kumoto, chikopa chimauma gwa n'kuyamba ming'alu popindikira zala. Ikauma pakani mafuta a Altberg otchedwa Leder-Gris. Ine ndimapaka ndi chala, pang'onopang'ono, makamaka m'misoko ndi pamene chikopa chakumana ndi labala wapansi. Polishi wonyezimiritsa uja ndi wa paperete, chikopa chimafuna mafuta.

Ikakhala yatsopano ndi yolimba gwa, musanamizidwe. Yambani kuivala panyumba ndi pamaulendo afupiafupi, masokosi okhuthala ali kuphazi, mpaka chikopa chifewe ndi kutsata phazi lanu. Amene amaigula lero n'kuthamanga nayo mawa, matuza amakhala odziputira yekha.

Mtengo ndi wokwera, yatsopano imaposa mapaundi 100 ndithu. Koma pansi pakatha, fakitale ya ku Richmond imasintha n'kuika pena patsopano, ndiye simutaya chikopa chimene chazolowera kale phazi lanu. Ambiri a ife tili ndi mapazi otambalala, choncho musangoyang'ana nambala ya utali. Funsaninso za m'lifupi mwake, chifukwa imapezeka yapakatikati ndi yotambalala.

M'masitolo ogulitsa kaunjika wa asilikali imapezekanso motchipa, ndipo ina imakhala yabwino zedi. Kumeneko tsegulani maso. Sitolo ina inandionetsa peyala yonyezimira kunja, koma nditapisa dzanja m'kati ndinapeza nsalu ya kuchidendene itabooka, chikopa chili poyera. Yotero ikudyani chidendene musanayende makilomita 5. Pisani dzanja, pindani jomboyo muone ngati labala sakumatuka, yang'anani ngati pansi sipanadyeke mbali imodzi. Pokayesa pitani madzulo mapazi atatupako, ndipo mutenge masokosi omwewo amene mudzayendere.