Ndemanga: mmisiri wa ku Kamuzu Road anapeza chomwe chinkazimitsa kompyuta yanga

Amene mumapanga ma video a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Salima ndipo mukufuna kusintha graphics card, werengani kaye izi. Kompyuta yanga inali ndi GTX 1050 Ti, khadi losafuna waya wake wa magetsi, limangodya ma watts 75 kuchokera pa motherboard basi. Nditaika RTX 3060 ya 12GB kuti Premiere, pulogalamu yokonzera ma video, izithamanga mavuto anayambira pomwepo. Kulemba, kuonera YouTube, zonse bwinobwino, koma ndikangoyamba export ya video kompyuta imangozima kuti zii ngati wina wazula pulagi, blue screen ayi, uthenga uliwonse ayi, pomwe babu la m'nyumba likuyaka ndithu. Nthawi imeneyo eni ukwati wa ku Senga Bay akundiimbira foni kufunsa video yawo.

Anzanga ankati khadi ndi lakufa kalibweze ku Lilongwe, ena akuti ndi kutentha kwa Okutobala kwa kunyanja kuno. Nde ndinanyamula bokosi lonse kupita nalo kwa mmisiri wina ku Kamuzu Road.

Chimene ndawakondera achimwene amenewa ndi chakuti sanathamangire kundigulitsa kanthu. Anayamba atsegula Event Viewer, momwe Windows imalemba zomwe zachitika mu kompyuta, nkundionetsa uthenga wa Kernel-Power 41, nkunena kuti imeneyi imangotanthauza kuti makina anazima mosayembekezereka, siikuuza chifukwa chake, nde tisaikhulupirire kwambiri. Kenako anayatsa HWMonitor yoonetsa kutentha ndi FurMark yogwiritsa khadi ntchito yolemera, zonse limodzi, tikuyang'ana tonse pa sikirini. Khadi linali lisanafike nkomwe madigiri 70 pomwe inazima, ndiye nkhani ya kutentha inathera pompo.

Apa mpomwe anatsegula mbali nkuwalitsa tochi ya foni pa sitika ya pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Pamwamba palembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu, koma pa mzere wa 12V pali 18A yokha. Anandiwerengera papepala, 12 kuchulukitsa ndi 18 ndi ma watts 216, pomwe RTX 3060 payokha imafuna 170, purosesa yanga 65, osawerengera ma fani ndi ma disiki. Anati "bwana, khadi ndi purosesa zonse zimamwa pa 12V pomwepa, zikakoka limodzi sapulayi imadziteteza pozima." Nvidia eni ake amalangiza sapulayi ya 550W pa khadi limeneli, ndipo amanena yeniyeni osati ya pa sitika chabe.

China chomwe chinandiopsa ndi ka adaputa kochokera pa ma molex awiri (mapulagi akale a pa sapulayi) kupita ku pulagi ya 8-pin ya khadi, komwe kankadyetsa khadi poti sapulayi yakale inalibe waya wotere. Atakazula pulasitiki yake yoyera ija inali itasanduka yabulauni pa mawaya achikasu, kununkha kupserera. Ine m'chipinda momwemo mumagona ana.

Anandiikira sapulayi yawo yoyesera kaye ndisanalipire chilichonse, nkupanga export ya video yomwe ija mpaka kumapeto osazima. Kenako ndi pomwe tinaitanitsa Corsair CV650 ya 80 Plus Bronze, yomwe ili ndi mawaya ake a 6+2 pin. Anapukutanso fumbi m'mafani, poti la kuno mukulidziwa.

Zodandaula zilipo ndithu. Foni sayankha msanga, umachita kupita wekha, ndipo tsiku lomwe analonjeza kuti katundu afika kuchokera ku Lilongwe linadutsa osandiuza kanthu, ine kasitomala akundivutitsa. Malo ndi opanikiza, ma laputopu a anthu ali mbwee pa tebulo limodzi, ndingakonde atamalemba mayina pa katundu aliyense. Mtengo wa ntchito yawo sunali woboola m'thumba, sapulayiyo ndiye inadula koma imeneyo si nkhani yawo.

Kuyambira pomwe ndinaitenga kompyuta sinazimeponso, ngakhale masana dzuwa lili pamutu ndikupanga export ya 4K. Ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5, imodzi ndachotsa chifukwa cha foni ija. Mukamapita musangonyamula khadi lokha, tengani bokosi lonse ndi mawaya ake omwe, amafuna aone sitika ya sapulayi ndi maso awo.