Google Maps ngati chida chosankhira dera losamukirako: ndemanga ya munthu amene waigwiritsa ntchito

Zitadziwika kuti banja lathu liyenera kusamuka chifukwa cha ntchito yatsopano ya mkazi wanga, tinali ndi miyezi iwiri yokha yoti tisankhe pokhala, ndipo kumene tinkapitako tonse tinali tisanakhaleko. Nyumba zimene tikanakwanitsa kulipira zinalipo zitatu. Yoyamba inali panyumba yosanjikizana pakati penipeni pa mzinda, yachiwiri inali m'mphepete mwa mzinda kumene nyumba zimatalikirana ndipo iliyonse ili ndi bwalo lake, pamene yachitatu inali kumudzi, pamalo aakulu okhala ndi mitengo komanso polima. Aliyense amene tinamufunsa nzeru ankangoyamikira mtundu wa malo amene iye mwini amakhalako, choncho ndinayamba kufufuza ndekha pa Google Maps, pulogalamu ya mapu ya kampani ya Google. Ndemanga iyi ikukhudza ntchito imodzi yokhayo, yothandiza munthu kusankha pakati pa mzinda, m'mphepete mwa mzinda ndi kumudzi, osati ntchito yake yodziwika kwambiri yolondolera njira.

Pulogalamuyi inayamba mu 2005, ndi yaulere, ndipo imagwira ntchito pafoni ndi pakompyuta. Pa ntchito yosankha pokhala ndinaona kuti kompyuta ndiyo yabwino, chifukwa munthu umafunika kuona dera lonse nthawi imodzi ndiponso kutsegula malo angapo n'kumawayerekeza.

Chimene ndinachiyamikira koposa ndi chakuti imasandutsa mtunda kukhala nthawi. Munthu wofuna nyumba amakonda kufunsa kuti pali makilomita angati kuchoka panyumbapo kukafika kuntchito, koma makilomita samuuza zimene adzakumane nazo m'mawa uliwonse. Ejenti wina amene ankatithandiza kupeza nyumba anatiuza motsimikiza kuti nyumba ya m'mphepete mwa mzinda ija ili pa mphindi khumi ndi zisanu basi kuchokera pakati pa mzinda, ndipo sananame kwenikweni, chifukwa usiku misewu ili pululu ulendowo ndi wotero. Nditasankha Lolemba m'mawa pamalo olembedwa kuti Arrive by, n'kuika nthawi imene mkazi wanga ayenera kukhala atafika kuntchito, mapu anasonyeza kuti ulendowo ukhoza kutenga nthawi yoposa kuwirikiza kawiri. Kawirikawiri pulogalamuyi simapereka nambala imodzi yokha pa ulendo wam'tsogolo, koma imanena nthawi yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa, ndipo kutalikirana kwa nambala ziwirizo n'kofunika kwambiri, chifukwa kholo limene liyenera kukatenga mwana kusukulu limakonzekera tsiku loipa, osati labwino. Ziwerengerozi zimachokera makamaka ku mafoni a anthu amene amayenda m'misewuyo, n'chifukwa chake zimakhala zodalirika kumene kumadutsa anthu ambiri. Pakompyuta palinso mwayi woona mmene magalimoto amachulukirana pa masiku ndi maola osiyanasiyana a sabata, ndipo misewu imaoneka yobiriwira, yachikasu kapena yofiira malinga ndi mmene imayendekera.

Ndikulangiza aliyense kuti akapeza nthawi ya ulendo aichulukitse kufika pa chaka chathunthu, chifukwa pamenepo mpomwe nkhani imaoneka bwino. Ulendo wa mphindi 45 popita ndi mphindi 45 pobwerera, masiku asanu pa sabata kwa masabata 48, umakwana maola 360, amene ndi masiku 15 athunthu, usana ndi usiku, amene munthu amathera pamsewu. Katswiri wa sayansi wa ku Italy, Cesare Marchetti, analemba mu 1994 kuti anthu a mibadwo yosiyanasiyana akhala akuthera pafupifupi ola limodzi pa tsiku paulendo, kaya akuyenda pansi kapena pagalimoto, ndipo kuti mizinda imakula molingana ndi mtunda umene munthu angayende pa nthawi imeneyo. Ine ndinatenga ola limenelo ngati muyeso: nyumba iliyonse imene inatipitiriza patali ndi ola limodzi pa tsiku inafunika kukhala ndi chifukwa champhamvu chotikhutiritsa. Lendi yotsika ya kutali imakopa, koma mafuta, matikiti, kukonzetsa galimoto ndi kutopa zimabweza ndalama zambiri mwa zimene munthu amaganiza kuti wapulumutsa.

Ulendo wa kuntchito si wokhawo. Ndinasunga pa mndandanda umodzi sukulu, chipatala, msika, malo opemphereramo ndi malo okwerera basi a pafupi ndi nyumba iliyonse, kenako ndinayesa ulendo uliwonse wapansi. Munthu wamkulu amayenda pafupifupi makilomita asanu pa ola, kutanthauza kuti pa mphindi khumi ndi zisanu amayenda kilomita imodzi ndi pang'ono, ndipo chimene chili kunja kwa mtunda umenewo anthu ambiri amasiya kuchiyendera pansi. Apa mpamene kusiyana kwa malo atatu aja kunaonekera poyera. Pakati pa mzinda pafupifupi chilichonse chinali chofikirika pansi. M'mphepete mwa mzinda zinthu zinkaoneka zoyandikana pamapu, koma misewu yake inali yokhotakhota ndiponso yambiri yosatulukira kwina, moti sitolo imene munthu angaione ali pakhomo inkafuna kuzungulira mtunda wautali. Zimenezi zinandidziwitsa kuti banja lokhala ndi galimoto imodzi likhoza kusiya wina atatsekeredwa pakhomo tsiku lonse, ndipo amene amavutika kwambiri ndi achinyamata ndi okalamba omwe sayendetsa galimoto.

Mbali ya pulogalamuyi yotchedwa Street View, imene inayamba mu 2007, imalola munthu kuyenda mumsewu ndi maso ali kutali, ndipo inandithandiza kuona zinthu zimene zithunzi za otsatsa nyumba zimabisa: ngati pali njira ya oyenda pansi, ngati pali magetsi a mumsewu, mmene ngalande zilili, kutalika kwa mipanda ya anthu, komanso chimene chayang'anizana ndi nyumbayo. Chithunzi chilichonse chimasonyeza mwezi ndi chaka chimene chinajambulidwa, ndipo owerenga asamaphonye kuyang'ana zimenezi, chifukwa ena mwa malo amene amaoneka ngati tchire anamangidwa kale. Kuyambira mu 2014 zinakhala zotheka kubwerera ku zithunzi zakale za msewu womwewo kumene zilipo, ndipo pulogalamu ina ya Google yotchedwa Google Earth imachitanso chimodzimodzi ndi zithunzi za setilaiti. Mbali imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa woganiza za m'mphepete mwa mzinda. Bungwe la United Nations linanena mu 2018 kuti anthu 55 pa 100 alionse padziko lapansi ankakhala m'mizinda, ndipo linayerekeza kuti pofika 2050 adzakhala 68 pa 100 alionse. Mbali yaikulu ya kukula kumeneku imachitikira m'mphepete, choncho bata limene munthu akulipirira lero likhoza kutha m'zaka zochepa. Nditayerekeza zithunzi za zaka zingapo za nyumba yathu yachiwiri ija ndinaona minda ikusanduka nyumba chaka ndi chaka kuchokera mbali imodzi, pamene msewu wolowera m'deralo unali womwewo wopapatiza.

Tsopano ndifike pa chofooka chimene ndikuona kuti wosankha pokhala ayenera kuchidziwa asanakhulupirire zonse zimene akuona. Mapu amenewa ndi odzaza kumene kuli anthu ambiri, mafoni ambiri ndi malonda ambiri, ndipo amachepa zambiri munthu akamatalikira mzinda. Pakati pa mzinda sitolo iliyonse ili ndi dzina, zithunzi, nthawi yotsegulira ndi ndemanga za makasitomala, pamene kumudzi munthu amangoona mzere wa msewu ndi malo obiriwira opanda chizindikiro. Mtima umafulumira kunena kuti kumeneko kulibe kanthu, chonsecho kuli masitolo, amisiri, misika ya masiku ena ndi anthu othandizana, kungoti palibe amene anazilembetsa. Mwa njira imeneyi chida chimenechi chimakokera munthu ku mzinda mosadziwa, osati chifukwa chakuti mzinda ndi wabwino koposa, koma chifukwa chakuti ndi umene unajambulidwa mokwanira. Magalimoto ojambula a Street View safika m'misewu yambiri ya kumidzi, ndipo m'mayiko ena sanafikemo n'komwe. Nkhani ya mabasi ndi sitima ilinso chimodzimodzi, chifukwa ndandanda yake imaoneka pokhapokha ngati oyendetsa ntchitoyo anaipereka m'kalembedwe kotchedwa GTFS, kamene kanayambira ku Portland m'dziko la United States mu 2005. Kumene anthu amadalira magalimoto osatsata ndandanda, mapu akhoza kukhala chete ngakhale kuti anthu amayenda tsiku lililonse.

Ngakhale zili choncho, pali zinthu zingapo zimene zimathandiza woganiza za kumudzi. Zithunzi za setilaiti zimasonyeza ngati msewu uli wa tala kapena wafumbi, ndiponso malo amene msewuwo umawoloka mtsinje, ndipo mapu osonyeza mapiri ndi zigwa amathandiza kudziwa ngati nyumba ili pamalo otsika pomwe madzi angasonkhane. Munthu angathenso kusunga mapu a dera lonse mufoni kuti aziwagwiritsa ntchito popanda intaneti, ndipo ma Plus Codes amapatsa nyumba yopanda adiresi chizindikiro chachifupi chimene mlendo kapena ambulansi ingatsate. Koma nthawi ya ulendo pamsewu wafumbi iyenera kutengedwa mosamala, popeza msewu womwewo umasintha kotheratu mvula ikagwa, ndipo chizindikiro cha chipatala pamapu sichinena ngati pamalopo pamakhala dokotala usiku kapena ngati amalandira amayi oyembekezera. Kwa banja lokhala ndi mwana wamng'ono, munthu wokalamba kapena wodwala matenda okhalitsa, funso limeneli limaposa kukongola kwa malo, ndipo yankho lake limapezeka poimba foni kapena popita komweko.

Phokoso ndi chinthu china chimene mapu sangamve, ndipo ndilo vuto lalikulu la pakati pa mzinda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a mu 2018 okhudza chigawo cha Europe, linalimbikitsa kuti phokoso la magalimoto usiku lisapitirire madesibelo 45 (muyeso wa kukula kwa phokoso), chifukwa kuposa pamenepo limasokoneza tulo. Chimene ndinachita n'kuyang'ana njanji, misewu ikuluikulu, bwalo la ndege ndi malo omwera mowa a pafupi ndi nyumba, kenako kuona gawo la Popular times, limene limasonyeza maola amene malo ena amadzaza anthu. Malo achisangalalo amene amadzaza pakati pa usiku Lachisanu ndi Loweruka, ali moyang'anizana ndi zenera la kuchipinda chogona, amanena zambiri ngakhale munthu asanapondeko. Komabe zimenezi n'zongoyerekeza. Za madzi ngati amatuluka tsiku lililonse, magetsi ngati sazimazima, netiweki ya foni ngati imagwira m'nyumba, zinyalala ngati zimatengedwa, chitetezo cha usiku ndi khalidwe la anthu oyandikana nawo, pulogalamuyi ilibe yankho, ndipo sindikuona kuti n'chilungamo kuiimba mlandu, chifukwa sinapangidwire zimenezo. Ndemanga za makasitomala pa sukulu kapena pa nyumba zalendi ndinaziwerenga mosamala, podziwa kuti amene amalemba kawirikawiri ndi okondwa kwambiri kapena okwiya kwambiri.

Amene amasamala za chinsinsi chawo adziwe kuti pulogalamuyi ikhoza kusunga mbiri ya malo amene iwo afikako komanso amene afufuza, koma zimenezi zimatheka kuzizimitsa kapena kuzifufuta pamalo osinthira zinthu mu akaunti.

Kwa ife mapu anachotsa nyumba ya kumudzi ija pa mndandanda, ndipo ndinaitaya ndi chisoni chifukwa ndiyo inandikomera m'maso. Sindinaisiye chifukwa chakuti dera lake linkaoneka lopanda kanthu pakompyuta, popeza titapitako tinapeza kuti kuli moyo wokwanira, koma chifukwa cha maola a pamsewu ndi mlatho umodzi wotsika umene unali njira yokhayo yopitira kuchipatala. Nyumba ziwiri zotsalazo tinaziyendera katatu iliyonse: m'mawa wa tsiku la ntchito, madzulo kutada, komanso Loweruka masana, ndipo tinacheza ndi anthu amene tinawapeza pafupi. Tinasankha ya m'mphepete mwa mzinda, titatsimikiza ndi mapazi athu kuti ana angafike kusukulu popanda kuwoloka msewu waukulu ndiponso kuti pali basi imene imadutsa pafupi, imene pamapu sinkaoneka. Kwa wosankha pakati pa madera a mumzinda kapena a m'mphepete mwake ndikuiyamikira Google Maps ndi mtima wonse, makamaka pa kuwerengera nthawi ya maulendo ndi kuona mmene dera likusinthira. Kwa woganiza zosamukira kumudzi ndikuiyamikira pa mtunda, mitsinje ndi maonekedwe a nthaka, koma akonze ulendo wopita komweko nyengo ya mvula asanasaine pepala lililonse la nyumba.