Fani ya radiyeta yosaima: kusinthanitsa relay, sikana kapena multimeter?

Fani ya radiyeta ikamangozungulira osapuma, eni magalimoto sagwirizana pa chochita. Ena amati gulani relay yatsopano basi, kaswichi kamene kamalumikiza ndi kudula magetsi opita ku fani. Ena amati popanda sikana, kachipangizo kowerenga zimene kompyuta ya galimoto ikuona, mukungolota. Ena amakhulupirira multimeter, chida choyezera magetsi, ndipo alipo amene amati isiyeni, bola injini sikutentha. Njira zitatu zoyambazo zonse n'zothandiza, koma iliyonse ili ndi pake. Chosankhira ndi funso limodzi: faniyo ikuzungulira ngakhale kiyi atachotsedwa, kapena imayamba pokhapokha mwayatsa?

Musanayankhe, tsimikizani kuti vuto lilipodi. Magalimoto ambiri amayendetsa fani nthawi yonse imene AC yayatsidwa, ndipo batani lochotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo limayatsa AC ngakhale inu musanaikhudze. Ena amasiya fani ikuzungulira kwa mphindi zingapo injini itazimitsidwa, makamaka a dizilo amene mwawazimitsa ali mkati mowotcha mwaye wa mu DPF, sefa ya utsi ya pa ekizozi. Zimenezi si matenda. Onaninso madzi, injini itazizira; chivindikiro cha radiyeta sichitsegulidwa pamene injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amathovoka n'kukuwotchani. Ngati madzi achepa, thermostat (kavalavu kolola madzi kupita ku radiyeta) yakanirira kapena radiyeta yatsekeka, fani ikungochita ntchito yake ndipo palibe cholakwika ku mawaya. Ndipo chonde, zala, nsalu ndi zida zikhale kutali ndi mapiko a fani, chifukwa ya magetsi imatha kunyamuka yokha.

Tiyambe ndi kusinthanitsa relay, chifukwa sikufuna chida chilichonse. Mumatsegula bokosi la mafyuzi pansi pa boneti, n'kupeza relay ya fani pa chithunzi cha pa chivindikiro, kenaka n'kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo nambala, mwachitsanzo ya hutala. Fani ikaima, mwapeza wolakwa: tizitsulo ta mkati tinapsa n'kumatirirana, motero magetsi akungodutsa. Pa fani imene ikuzungulira usiku wonse kiyi ali m'thumba, njira imeneyi ndiyo yopambana zonse, ndipo sindiona chifukwa choyambira kwina.

Pofooka pake ndi apa. Kungozula relay n'kuona fani itaima sikutanthauza kuti relay ndi yakufa. Ngakhale yabwinobwino ikazulidwa fani imaima. Umboni ndi woti ina yabwino ikalowa pamalopo fani ikhalebe chete. Ikayambanso, ndiye kuti relay ikungomvera lamulo lochokera kwina, ndipo kugula yatsopano ndi kutaya ndalama. Komanso magalimoto ambiri ali ndi ma relay awiri kapena atatu, ya liwiro lochepa ndi ya liwiro lalikulu, choncho mukhoza kuyesa imodzi pamene yomatirira ndi inayo. Ngati mwazula onse fani n'kumapitirizabe, pali waya amene wakhudzana ndi wa magetsi, kapena munthu wina analumikiza fani mwachindunji kalekale.

Sikana imayankha funso lina: kompyuta ya galimoto ikuona chiyani? Pa fani imene imanyamuka mukangoyatsa kiyi m'mawa injini ili zii, apa ndiye kwawo kwa sikana. Magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996 ali ndi pulagi ya OBD-II, polumikizira sikana, ndipo ku Europe lamulo linafika pa a petulo mu 2001, a dizilo n'kutsatira patapita zaka zochepa. Kasikana kakang'ono ka mtundu wa ELM327, kolumikizana ndi foni, kamakwanira kukuonetsani kutentha kumene sensa ya madzi ikunena.

Sensa imeneyi ikachulukirwa ndi kutentha, mphamvu yake yotchinga magetsi imatsika. Waya wake akaduka kapena pulagi yake ikachita dzimbiri, kompyuta imawerenga kuzizira kosatheka, kawirikawiri madigiri 40 pansi pa ziro, n'kulemba khodi (nambala yosonyeza vuto) ya P0118. Mawaya akakhudzana, imawerenga kutentha koopsa n'kulemba P0117. Pa zonse ziwiri, makompyuta ambiri amasankha kuteteza injini: poti sakudziwa kutentha kwenikweni, amayatsa fani pa liwiro lonse. Apa fani ilibe mlandu, relay ilibe mlandu. Makhodi a P0480 ndi P0481 ndi amene amaloza ku njira ya magetsi yolamulira fani.

Chimene ndimaikondera kwambiri sikana si makhodi ayi, koma kuyesa kwa m'mawa. Galimoto ikagona usiku wonse, madzi a mu injini ndi mpweya wolowa mu injini zimakhala pafupifupi pa kutentha kofanana. Yatsani kiyi osaliza injini, muwerenge ziwirizo. Ngati mpweya ukuonetsa madigiri 20 pamene madzi akuonetsa 70, sensa ikunama, ngakhale palibe khodi iliyonse. Bodza la mtundu umenewu kusinthanitsa relay sikungaligwire, ndipo singano ya pa dashibodi singakuthandizeni: magalimoto ena ali ndi sensa yakeyake ya singano, ndipo pa ambiri amakono singanoyo imakhazikika pakati ngakhale kutentha kukusintha ndithu. Mukaliza injini mungathenso kuona pamene fani ikuyambira. Pa magalimoto ambiri ndi chapakati pa madigiri 95 ndi 105.

Koma sikana yotchipa ili ndi malire. Imawerenga zinthu wamba za injini zokha. Kupanikizika kwa gasi wa AC kawirikawiri sikuoneka, chikhalirecho sensa ya AC ikalakwitsa nayonso imayendetsa fani mosaleka. Magalimoto ena opangidwira msika wa ku Japan amakana kulankhula ndi timasikana totchipa. Ndipo chachikulu, khodi ya P0118 sinena kuti sensa yafa. Imanena kuti njira yonse, kuyambira pa sensa, pulagi, waya mpaka pa kompyuta, ili ndi vuto penapake. Anthu ambiri amagula sensa yatsopano pamene waya anadyedwa ndi khoswe chapafupi pomwepo.

Pamenepa m'pamene multimeter imalowera. Ndi yochedwa, imafuna kuleza mtima ndi kudziwa pang'ono zimene mukuyang'ana, koma ndi yokhayo imene imakupatsani umboni wa chinthu chenichenicho. Relay wamba ya mapini anayi, itazulidwa, siyenera kudutsitsa magetsi pakati pa mapini olembedwa 30 ndi 87, ikamadutsitsa, yamatirira. Pakati pa 85 ndi 86 pali koyilo, ndipo kawirikawiri imawerenga ma ohm (muyeso wa mphamvu yotchinga magetsi) apakati pa 50 ndi 120. Masensa ambiri a madzi amawerenga ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80, ngakhale kuti nambala yeniyeni muyenera kuiona m'buku la galimoto yanu. Pa pulagi ya sensa, kiyi atayatsidwa, payenera kufika ma volt pafupifupi 5 ochokera ku kompyuta. Sensa ikawerenga bwino koma ma volt osafika, sakani waya.

Pa magalimoto akale opanda OBD-II, multimeter ilibe wopikisana nayo. Kumeneko fani imalamulidwa ndi swichi ya kutentha yomangidwa pa radiyeta kapena pafupi ndi thermostat. Samalani ndi Toyota zambiri zakale: swichi yake imakhala yolumikizika injini ikazizira ndipo imatseguka ikatentha, dala kuti pulagi ikazuka fani iyambe kuzungulira. Relay yake nayonso imagwira mobwerera chimodzimodzi, choncho mukaiyesa ngati relay wamba mudzaiweruza kuti yafa pamene ili bwino, ndipo simungaisinthanitse ndi ya hutala.

Magalimoto ambiri amakono, monga a Volkswagen ndi BMW, amagwiritsa ntchito module (kabokosi ka magetsi kolamulira fani) yomangidwa pa fani penipeni, yolandira magetsi a batire nthawi zonse ndi waya wowonda wouza liwiro. Apa kusinthanitsa relay sikukuthandizani. Module ikapsa mkati, kapena uthenga wa pa waya wowondayo ukasokonekera, fani ikhoza kuthamanga yokha. Njira yabwino ndi kuphatikiza ziwiri: sikana yamphamvu ikuonetseni ngati kompyuta ikupempha fani, multimeter itsimikize mawaya. Ngati kompyuta sikupempha kanthu, mawaya ali bwino, fani n'kumalirabe, pamenepo m'pamene ndingalole kugula module, osati poyambirira, pakuti ndiyo yodula pa zonsezi. Za fani yoyendetsedwa ndi lamba, ya pa magalimoto ena akuluakulu, n'zosiyana: imazungulira nthawi zonse injini ikamalira, ndipo ikamabangula kosalekeza vuto ndi klachi yake, osati magetsi.

Nanga amene amati isiyeni, kapena ikani swichi pa dashibodi muziyatsa nokha? Sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Fani imakoka ma amp 10 mpaka 20, ina kuposa apo. Batire la 60 Ah silitenga maola ambiri kuti lilephere kuliza injini. Mota ya fani imatha msanga, ndipo tsiku limene idzafe mwina mudzakhala muli pa mzere wa magalimoto dzuwa likuswa mtengo. Swichi ya pamanja imadalira kuti inu musaiwale, ndipo kuiwala kamodzi kokha n'kokwanira kupsereza gasiketi ya pa hedi ya injini. Komanso ngati gwero ndi sensa yonama kuti injini yazizira, kompyuta imathira mafuta ochuluka: galimoto imamwa kwambiri, mapulagi oyatsa moto mu injini amada, ndipo catalytic converter yoyeretsa utsi pa ekizozi imawonongeka pang'onopang'ono. Swichi imangotontholetsa fani, zina zonsezi zikupitirira.

Ngati yakupezani panjira kapena usiku, zulani fyuzi ya fani kuti batire lisathe pamene galimoto yaima, ndipo muibwezeretse musanalize injini. Kuyenda ndi fani yosaima mpaka pofika kwa makaniko n'kotheka. Kuyenda fyuzi ili m'thumba ndiye ayi. Mukafika, muuzeni makanikoyo zimene mwaona kale: ngati imaima kiyi akachotsedwa, ngati AC inali yozima, ndiponso nambala imene sensa inawerenga m'mawa.