Miyezi 14 ndi Mercedes-Benz 240D ya 1981: mawu ena ndikuwabweza

Nditangoigula galimoto iyi ndinalemba zoyiyamikira kwambiri. Ndinati Mercedes-Benz 240D ya mtundu wa W123 ndi galimoto yongothira dizilo ndi oyilo basi, zina zonse imadzionera yokha. Pamenepo n'kuti nditayenda nayo masabata atatu okha. Tsopano yatha miyezi 14 ili m'manja mwanga, ndayenda nayo makilomita pafupifupi 11,000, ndipo mawu ena ndiyenera kuwabweza, poopa kuti wina angagule galimoto yotereyi atamvera ine.

Za injini sindibweza kanthu. Ndi injini ya dizilo yotchedwa OM616, ya masilinda anayi, malita 2.4, mphamvu yake mahatchi 72. Ilibe kompyuta. Pampu yake ya dizilo, yopangidwa ndi Bosch, imayendetsedwa ndi injini yomweyo, moti ikangolira sifunanso magetsi. Izi ndinaziona ndi maso m'mwezi wachisanu, alternator itasiya kutchaja batire ndili kutali ndi kwathu. Ndinazimitsa wailesi ndi fani, n'kuyenda maola awiri dzuwa likadalipo, injini osasintha kaliridwe ngakhale pang'ono. Ndikamva nkhani ya Gregorios Sachinidis, woyendetsa takisi wa ku Thessaloniki, m'dziko la Greece, amene 240D yake inayenda makilomita 4.6 miliyoni isanapite kumalo osungirako zakale a Mercedes-Benz mu 2004, sindidabwa. Koma ofotokoza nkhaniyi amakonda kusiya mbali ziwiri: yakeyo inali ya mtundu wam'mbuyo, W115, ndipo injini ankazitsitsa n'kuzikonza kangapo konse. Kulimba kwa injinizi kumayendera limodzi ndi dzanja lozisamala.

Yanga inandiphunzitsa zimenezi nyengo yozizira itafika. M'mawa inkavuta kulira, ikalira inkanjenjemera n'kutulutsa utsi woyera kwa mphindi zingapo. Ndinasintha mapulagi otenthetsa, sizinathandize kwenikweni. Makaniko wina wachikulire anangofunsa kuti, "Mavalavu munatchuna liti?" Ndinalibe yankho. Injini iyi siitchuna yokha mavalavu ngati za masiku ano. Munthu amayenera kutsegula chivundikiro chapamwamba n'kuyeza mpata injini itazizira, mamilimita 0.10 kolowera mpweya ndi 0.30 kotulukira utsi. Atatu mwa mavalavu asanu ndi atatu anali atathina mpaka kutsala pang'ono kusatsekeka. Ntchitoyo inatenga maola awiri ndi masipanala awiri opindika a 14, ndipo kuchokera tsikulo imalira kiyi akangotembenuzidwa. Tsopano ndimatchuna ndekha, ndipo ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse pagalimotoyi.

Chimene chinandiopsa koyamba chinali china. Tsiku lina ndinafika pakhomo, n'kuzimitsa, n'kuzula kiyi, injini n'kumangolirabe. Ndinakhala phee kiyi ali m'manja, osadziwa chochita. Kenako ndinakumbukira kachitsulo kolembedwa STOP pafupi ndi pampu ya dizilo; ndinatsegula boneti, kukakanikiza, injini zii. Chifukwa chake ndi ichi. Popeza pampuyo sidalira magetsi, chozimitsa injini ndi mphamvu yokoka mpweya, imene amakaniko amati vacuum. Pali pampu ina yaing'ono kutsogolo kwa injini imene imakoka mpweyawo, ndipo mphamvu yomweyo ndi imene imathandiza mabuleki kuti asalimbe, ndi imenenso imakhoma zitseko zonse mukakhoma cha dalaivala. Timapaipi tapulasitiki tamitundumitundu timayenda pansi pa kapeti mpaka m'zitseko. Kalabala kamodzi kakang'ambika kulikonse, mpweya umalowa, mphamvu imachepa, injini n'kukana kuzima. Ndinagula kapampu kam'manja kokhala ndi geji, n'kumayesa paipi imodziimodzi. Zinanditengera Loweruka atatu. Olakwa anali malabala awiri m'chitseko chakumbuyo, ouma ngati chikopa chakale. Patha zaka zoposa 40 chiwaikireni, ndiye sindingawadandaule.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba. Tsiku logula ndinatha pafupifupi ola lathunthu ndikumvetsera injini. Ndinamasula chitsekero cha oyilo kuti ndione ngati chikuvina ndi mpweya wothawa m'masilinda, ndinayang'ana utsi, ndinayesa magiya onse anayi. Koma sindinagwade. Sindinasuzumire pansi ngakhale kamodzi. Penti inali yowala, mipando yosang'ambika, ndipo mtima unali utagula kale.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri tayala lakumbuyo linaphwa. Ndinalowetsa jeke pabowo lake m'mbali mwa galimoto, n'kuyamba kupukusa. Galimoto sinakwere. Jeke ndi amene ankakwera, akung'amba chitsulo ngati pepala lonyowa, zinyenyeswa zofiira zikugwera pansi. Nditafika kunyumba ndinachotsa kapeti ya kutsogolo, n'kupeza siponji yapansi pake ili chonyowa, ndipo pansi pa siponjiyo panali mabowo awiri olowa chibakera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine nyererezo ndinazipeza nditalipira kale.

Madziwo ankachokera kumtunda. M'makona a boneti, pamene pali mahinjesi, muli timabowo totulutsira madzi a mvula. Masamba ndi fumbi zikatitseka, madzi amadikha n'kuyamba kudya chitsulo mpaka kutulukira m'kati, kumapazi. Mbali ya batire inali yoipa kwambiri, chifukwa asidi wodontha kwa zaka zambiri anali atadya thireyi ndi khoma la kuseri kwake. Ndipo pansi pagalimotoyi pali phula lokhuthala loteteza chitsulo, limene limagwira ntchito bwino likakhala lathunthu, koma likang'ambika pang'ono limasunga chinyontho, dzimbiri n'kumafalikira mobisala, kunja kukuoneka bwinobwino. Nditayendetsa maginito m'mbali, malo awiri sanagwire: munali phala lomatira, lopakidwa penti pamwamba. Sindikudziwa ngati amene anandigulitsa ankazidziwa. Mwina nayenso anaigula choncho. Mlandu ndimaupereka kwa ine ndekha, chifukwa tochi ndi sikuludalaivala zikanandiuza zonsezi m'mphindi khumi.

Galimoto inakhala kwa owotcherera masabata asanu ndi limodzi. Ndinaumirira kuti adule chitsulo chonse chodyeka mpaka pabwino, asamangophimba chigamba pamwamba pa dzimbiri, ndipo ndinajambula zithunzi ntchito isanayambe, ili m'kati, ndi itatha. Ndalama imene inapita pamenepa inaposa zonse zimene ndawononga pa injini, mabuleki ndi matayala kuphatikiza pamodzi. Injini yotopa mukhoza kuitsitsa n'kuika ina pamasiku awiri. Bode yowola imafuna munthu waluso, nthawi yaitali, ndi mwini wosatopa kupita kukaona.

Zina zing'onozing'ono ndingozitchula. Timapaipi tobwezera dizilo pa ma injector (zopopera dizilo m'injini) tinkadontha, ndinasintha pamphindi makumi awiri. Labala yolumikiza giyabokosi ndi shafti inali yong'aluka. Malabala okhazikapo injini ndinayamba ndagula otchipa, anaphwa pasanathe miyezi inayi, ndinagulanso abwino. Masipeya a injini, mabuleki ndi miyendo savuta kupeza, pakuti magalimoto a W123 anapangidwa pafupifupi 2.7 miliyoni kuyambira 1976 mpaka 1986, ndipo ambiri akadali pamsewu m'mayiko osiyanasiyana. Zovuta ndi zokongoletsa: timizere tonyezimira ta m'mbali, matabwa a m'kati, dashibodi yosang'ambika. Kachidutswa kena ka pachitseko ndakafunafuna miyezi isanu.

Kayendedwe kake ndi kamene kamandibweza mtima nthawi zonse. Ndi yochedwa, zimenezo tisabise. Kuchoka poima kufika liwiro la makilomita 100 pa ola pamadutsa masekondi oposa 20, ndipo kupitirira lole pamtunda kumafuna kuwerengera patali. Masabata oyamba zinkandikwiyitsa. Kenako ndinazolowera kuona msewu patsogolo, kusunga liwiro pokhota, kusaponda mabuleki pachabe. Ikafika pa 90 imakhazikika, mabampu imawameza mofatsa, chiwongolero chake chachikulu chimapepuka m'manja, ndipo magalasi ake aakulu amakuonetsani makona onse anayi. Ndimatsika nditayenda maola anayi msana uli bwinobwino.

Komabe m'mwezi wa 11, nditatopa ndi zowotcherera, ndinaiika pamalonda. Apa panali vuto lina loti ndilinene poyera. Geji ya mtunda imaonetsa makilomita 287,000, koma ndinazindikira kuti nthawi zina imaima kwa masiku kenako n'kuyambanso, chifukwa kagiya ka m'kati mwake kamaterereka pa shafti yake, matenda odziwika pamagalimoto amenewa akakalamba. Makilomita 11,000 ndatchula aja ndawawerengera pa foni. Choncho mtunda weniweni umene galimotoyi yayenda palibe akuudziwa, ndipo ndinalemba zimenezo pachilengezo, pamodzi ndi nkhani ya dzimbiri. Mnzanga wina anati ndikudzithamangitsira ogula. Mwina anali ndi mfundo, koma sindikanatha kuchitira munthu wina zimene zinandipweteka ine.

Anabwera anthu anayi. Atatu oyamba anachita ndendende zimene ndinachita ine: kumvetsera injini, kumasula chitsekero cha oyilo, kusisita penti. Palibe anagwada. Mmodzi anakana zithunzi za kowotcherera, akuti galimoto yowotcheredwa saifuna, akapeza ina "yosakhudzidwa". Ndinamumvera chisoni, chifukwa W123 ya zaka 40 yosakhudzidwa nthawi zambiri imakhala yosayang'anidwa.

Wachinayi anali bambo wachikulire amene anabwera ndi tochi, kasikuludalaivala ndi katoni yogonera. Injini sanaifunse n'komwe. Anagona pansi mphindi makumi atatu akugogoda, kenako anadzuka n'kupempha zithunzi zija, n'kuziyang'ana chimodzichimodzi.

"Achimwene, ntchito yovuta mwaimaliza kale," anatero akudzisansa fumbi. "Mukugulitsiranji tsopano?"

"Ndatopa, bambo," ndinayankha.

"Ndikumva. Koma mtengo ndingakupatseni ine sungabweze zimene mwaika pansipa. Palibe angakubwezereni. Mukaganize sabata imodzi, mukafunabe mundiimbire."

Asanapite anandionetsa chinthu chimene ine ndi owotcherera tonse sitinachione: labala ya galasi lakumbuyo yauma pakona yakumanzere, ndipo pansi pake penti yayamba kutukusira timatuza. Madzi akulowa pamenepo n'kutsikira m'buti, m'kachigwa ka kuseri kwa tayala. Nditapisamo dzanja ndinapezadi chinyontho.

Sindinawaimbire. Chilengezo ndinachichotsa patatha masiku anayi. Labala yatsopano ya galasilo yafika sabata yatha, ndipo Loweruka likubwerali tikuchotsa galasi kuti tione kuti dzimbiri lafika pati pansi pake.